MUTU UKAKULA SULEWA NKHONYA: ZA IMFA YA COLONEL SANTOSH MAHADIK

Abale ndi alongo a m'nthambi zathu zonse, mau athu a mwezi uno ali pa munthu amene ambiri a inu simunamvepo dzina lake. Sanali wa mtundu wathu, ndipo nkhondo imene anaferamo si yathu. Koma anali mwana wa kumudzi monga ife tomwe, ndipo nkhondo yakeyo inali ya mtundu uja umene umamenyedwa m'minda ndi m'makomo a anthu osauka. Chifukwa chake tayesa kuti nkwabwino kuti mbiri yake muimve, ndipo muiweruze nokha.

Santosh Mahadik anabadwa m'chaka cha 1977. Kwao kunali ku Pogarwadi, mudzi wa alimi m'boma la Satara, m'chigawo cha Maharashtra ku India. Ali mnyamata analowa sukulu yochedwa Sainik School ya ku Satara, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1961 ndi cholinga chakuti ana a anthu wamba, osati a olemera okha, apeze njira yofikira pa udindo m'gulu la nkhondo. Kumeneko anadziwika pa masewera a nkhonya, a mpira ndi kukwera akavalo. M'chaka cha 1998 analandira udindo wake, nakhala m'gulu lochedwa 21 Para, limodzi la magulu a asilikari osankhika a dzikolo.

Gulu lotere munthu salowa chifukwa choti walifuna chabe iai. Amayamba kumuyesa kwa miyezi ingapo ndi njala, kusowa tulo ndi maulendo atali atasenza katundu wolemera, ndipo ambiri amalephera nabwerera kumene anachokera. Otsalawo ndiwo amatumidwa m'timagulu tating'ono kumalo kumene gulu lalikuru silingafike mwakachetechete. Pachifuwa amabvala chizindikiro cholembedwa liu lakuti Balidan, ndiko kunena nsembe m'chinenero chao. Mahadik anagwira nchito imeneyi ku Assam, kumene Boma linali kulimbana ndi oukira, ndipo chifukwa cha kulimba mtima kwake m'chaka cha 2003 anapatsidwa mendulo ya Sena Medal. Pambuyo pake anakwezedwa kukhala Colonel, napatsidwa gulu la 41 Rashtriya Rifles ku Kupwara, m'mapiri a Kashmir.

Tsono tiyambe tanena za mlandu wa Kashmir, pakuti imfa ya munthuyu siimveka popanda iwo. Pamene Angerezi anachoka m'chaka cha 1947, dziko linagawidwa pawiri, India ndi Pakistan, ndipo onse awiri anati Kashmir ndi wao. Anamenyana chaka chomwecho, namenyananso m'chaka cha 1965 ndi cha 1999. Mzere umene asilikari anaima ndiwo unasanduka malire, ndipo kuyambira 1972 umachedwa Line of Control. M'chaka cha 1989 kunabuka chipanduko ku mbali ya India: ena ofuna dziko laolao, ena ofuna kuphatikana ndi Pakistan. India imati oukirawo amaphunzitsidwa ndi kupatsidwa zida kutsidya kwa mzerewo, Pakistan imakana. Gulu la Rashtriya Rifles linakhazikitsidwa m'chaka cha 1990 chifukwa cha nkhondo yomweyi. Kupwara ali m'mphepete mwenimweni mwa mzerewo, dziko la nkhalango ndi zigwa zakuya, ndipo amene afuna kuoloka ndi mfuti amafulumira chisanu chisanatseke njira za m'mapiri.

Nkhondo yotere siiri monga nkhondo zina. Mdani alibe yunifomu, alibe kampu yooneka. Usiku agogoda pa khomo la mlimi nafuna chakudya ndi pogona, mfuti iri m'manja. M'mawa afika asilikari a Boma nafunsa mlimi yemweyo kuti wadyetsa yani. Akakana kudyetsa, aphedwa ndi awa. Akadyetsa, amangidwa ndi awo. Akuluakulu ananena kuti njobvu zikamamenyana umabvutika ndi udzu, ndipo mu nkhondo ya m'thengo udzuwo ndi munthu wa kumudzi, mkazi wake ndi mbuzi zake. Amene anafa ku Kashmir chiyambire 1989 ndi zikwi makumimakumi, ndipo ambiri mwa iwo sanagwirepo mfuti.

Apa ndi pamene Colonel Mahadik anasiyana ndi ena. Iye anazindikira kuti kupha woukira mmodzi kulibe phindu ngati mnyamata wina wosowa nchito adzatola mfuti yomweyo mawa. Tsono anayamba kukhala pansi ndi anthu a m'midzi. Analankhula ndi iwo amene anatula zida, kuwathandiza kuti abwerere ku moyo wa masiku onse. Analimbikitsa masewera ndi maphunziro a ana. Anafunitsitsa kuti alendo azidzaona kukongola kwa Kupwara, kuti anyamata apeze ndalama posamala alendo m'malo mwa kusenza zipolopolo, ndipo anatumiza ena a iwo ku madera ena a India kukaona m'mene nchito ya alendo imayendera. Msilikari wophunzitsidwa kupha mwakachetechete ndiye amene anali kuganiza za malonda a anthu osauka.

M'mwezi wa November 1915 palibe amene akadalota za nkhondo imeneyi. Koma zaka 100 pambuyo pake, m'November 2015, kagulu ka anthu a mfuti kanaoloka mzere nkubisala m'nkhalango ya Manigah. Asilikari anawasaka masiku angapo m'malo obvuta. Pa 17 November Colonel Mahadik anali kutsogolera yekha kagulu kofufuza pafupi ndi Haji Naka pamene obisalawo anayamba kuomba. Zipolopolo zinampeza iye, ndipo ngakhale anathamanga naye ku chipatala cha asilikari, anatsirizika tsiku lomwelo ali ndi zaka 38. Mtembo wake unapita kwao ku Pogarwadi, kumene unatenthedwa monga mwa mwambo wa Ahindu pamaso pa khamu lalikuru. Boma la India linampatsa ulemu wa Shaurya Chakra atafa kale. Sanali woyamba chaka chimenecho: m'January Colonel M. N. Rai wa gulu la 42 Rashtriya Rifles anaphedwa ku Tral, nayenso ali patsogolo pa anyamata ake.

Alipo amene adzati: nanga mkuru wolamulira asilikari mazanamazana afuna chiani pamalo pamene zipolopolo ziuluka? Kodi sikwabwino kuti akhale m'ofesi, pafupi ndi mapu ndi lamya, popeza akafa iye gulu lonse lisokonezeka? Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo sitiwanyoza. Koma ife tikuti mu nkhondo ya mtundu uwu mkuru ayenera kuoneka. Msilikari wamng'ono amene watopa, wagona pa chisanu, waona mnzake akufa, ndiye amene angathe kuotcha nyumba ya munthu wosalakwa chifukwa cha mkwiyo. Chimene chimamletsa si kalata yochokera ku likuru, koma maso a mkuru wake amene wagona pa chisanu chomwecho. Ndiponso anthu a m'mudzi sauza zinsinsi zao munthu amene amangomumva dzina. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene walandira nyota za paphewa ndi sawasha ya anyamata walandiranso ngozi yao.

Komatu tisanamizane, abale. Kulemekeza munthu mmodzi wolungama sikuyeretsa nkhondo yonse. Kuyambira 1990 lamulo lochedwa Armed Forces Special Powers Act linapatsa asilikari mphamvu zazikuru ku Kashmir, ndipo mabanja ambiri adandaula za ana ao amene anatengedwa osabweranso. M'chaka cha 2018 ofesi ya United Nations yoyang'anira za ufulu wa anthu inaturutsa lipoti lonena za nkhanza ku mbali zonse ziwiri za mzerewo. Boma la India linalikana. Oukira naonso apha alimi, aphunzitsi ndi mafumu. M'chaka cha 2019 Boma la India linachotsa ulamuliro wapadera umene chigawocho chinali nao. M'April 2025 anthu 26, ambiri a iwo alendo odzaona malo, anaphedwa ku Pahalgam, ndipo m'May India ndi Pakistan anaomberana masiku anai. Alendo aja amene Mahadik anawalakalaka ndiwo amene anasanduka chandamale. Nkhondo simanga mudzi. Msilikari angathe kutseka njira ya m'phiri, koma mlandu wa dziko umatha pa bwalo, pamene eni mlandu akhala pansi. Atsogoleri akachedwa kukhala pansi, amene amalipira ndi ana a alimi, obvala yunifomu ndi osabvala omwe.

Mkazi wake, Mai Swati Mahadik, anatsala ndi ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna. Iwo anali mphunzitsi. Pa maliro pomwepo ananena kuti afuna kubvala yunifomu ya mwamuna wao. Zaka zao zinali zitapitirira malire a olowa usilikari, koma akuluakulu anawalola kuyesedwa, ndipo anapambana mayeso monga wina ali yense. Anaphunzira miyezi 11 ku Officers Training Academy mu mzinda wa Chennai pamodzi ndi atsikana ang'onoang'ono kwa iwo, ndipo m'September 2017 analandira udindo wa Lieutenant. Tiwachitira ulemu. Koma tikumbukenso kuti amasiye ambiri a asilikari sadziwika m'manyuzipepala. Iwo amangotsala ndi munda, ana ndi pepala la penshoni limene lichedwa kubwera.

Nkhani iyi isaoneke ngati ya kutali kwambiri. Makolo athu a m'gulu la King's African Rifles anamenya nkhondo yonga yomweyi m'nkhalango za Malaya pakati pa 1952 ndi 1954. M'November 2018 Private Chancy Chitete wa gulu la nkhondo la Malawi anaphedwa pafupi ndi Beni ku Congo, pamodzi ndi anzake ena, atapulumutsa msilikari wa ku Tanzania amene anabvulazidwa ndi oukira a ADF. M'May 2019 United Nations inapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Ana amenewa amachokera m'midzi yathu yomwe ino.

Chifukwa chake pempho lathu ndi ili. Ngati m'mudzi mwanu muli mai wamasiye wa msilikari, kapena nkhalamba imene inabwera ku nkhondo ndi chilema, musadikire tsiku la 11 November kuti muikumbuke. Mvula iri pafupi. Onani ngati denga lake lafoleredwa ndiponso ngati munda wake walimidwa. Ndipo mwana wanu akadzakuuzani kuti afuna kulowa usilikari, muuzeni za Mahadik zonse ziwiri: kuti sanabisale kumbuyo kwa anyamata ake, ndi kuti sanaiwale kuti mwini nyumba imene agogodapo ndi munthu monga atate wake.

MKONZI