Kompyuta ikakana kulowa, wolakwa nthawi zina ndi wotchi

Munthu wochokera ku Cobue kapena ku Messumba akafika pa ofesi ku Metangula n'kuuzidwa kuti lero "sistema" palibe, amabwerera ndalama yaulendo itapita pachabe. Ambiri amaloza chala kalaliki kuti ndi waulesi. Komatu nthawi zina kalalikiyo amakhala atalimbana ndi makinawo chiyambire m'mamawa.

Wi-Fi ya m'maofesi akuluakulu imasiyana ndi ya pa foni, imene anthu onse amalowera mawu achinsinsi amodzi. Pa njira ya 802.1X, yomwe inakhazikitsidwa m'chaka cha 2001, wantchito aliyense amakhala ndi dzina lake ndi mawu akeake achinsinsi, amene kuno timati senha. Kompyuta ina yaikulu, yotchedwa seva, ndiyo imavomera kapena kukana.

Tsono kompyuta ya pa desiki isanapereke senhayo, imayamba yafuna kuona chiphaso cha sevayo, kuopa kupereka chinsinsi kwa wakuba. Chiphasocho chili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Apa ndi pamene pagona nkhani. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira ngati kandalama kachitsulo, CR2032, ka mphamvu ya mavoti 3, kamene kamayendetsa wotchi magetsi akazima. Kakatha mphamvu, magetsi kungothima usiku umodzi, kompyuta imadzuka ikuganiza kuti tidakali zaka zambiri m'mbuyo. Ikaona chiphaso cha chaka chino imati sichinayambe kugwira ntchito, basi n'kukana, ngakhale senha ili yolondola.

Choncho kalaliki wanzeru amayamba wayang'ana tsiku ndi nthawi pakona ya galasi. Akakonza tsikulo kompyuta n'kulowa, ndiye kuti kabatire kaja kakufunika kusintha, apo ayi vutolo lidzabweranso magetsi akadzazima.

Tsiku likakhala lolondola, chotsatira ndi kiyibodi. Ya Chipwitikizi ili ndi chilembo cha ç, ndipo zizindikiro monga @ zimakhala pamalo osiyana ndi ya Chingerezi. Kaamba koti senha imaoneka ngati timadontho, munthu sadziwa kuti walemba zina. Ndi bwino kuyesa zilembozo poonekera kaye.

Kubwerezabwereza senha yolakwika ndiye koipa kwambiri, chifukwa maseva ambiri amatseka dzina la munthuyo akalephera kangapo. Zikatero kalaliki amayenera kudikira kapena kuimbira woyang'anira makinawo, amene mwina ali ku Lichinga, uku anthu ali pa mzere panja.