Pangano la Lendi Lizilembedwanso m'Chichewa

Patchuthi cha kumapeto kwa 2023 ndinapeza ganyu mu ofesi ya mkulu woona za lendi pa chinyumba china cha masitolo mumzinda wa Lilongwe. Ntchito ya mkuluyu ndi kupeza amalonda oti alowe m'zipinda zopanda anthu, kukambirana nawo mitengo, kuwasainitsa mapangano ndi kulondola ochedwa kulipira. Ine ndinkangosanja mafayilo, koma zimene ndinaona zinanditsimikizira kuti mapanganowa ayenera kulembedwanso m'Chichewa, pambali pa Chingerezi.

Lendi ya malo otere imasiyana ndi ya nyumba ku Kawale. Amawerengera kukula kwa chipinda pa mamita, n'kuwonjezapo dipoziti, ndalama za alonda, osesa ndi jenereta, komanso ndime yoti mtengo uzikwera chaka chilichonse. Sitolo yaikulu yokopa ogula kawirikawiri imalipira zochepa pa mita kusiyana ndi kachipinda ka telala, ndipo posaina imabwera ndi maloya. Wamalonda wamng'ono amabwera ndi cholembera chokha.

Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chimenecho, mayi wina wogulitsa zitenje analandira kalata yokweza lendi. Anafika mu ofesi misozi ili chuchuchu. "Bwana, chaka sichinathe, mwakwezeranji?" Bwanawo anawaonetsa ndime yolola kuunikanso lendi ndalama ikagwa mphamvu, pansi pake pali siginecha yawo. Ndine amene ndinawamasulira ndimeyo, patapita miyezi yambiri chisainireni. Posakhalitsa anatseka sitolo, ndipo atsikana awiri anachotsedwa ntchito.

Ena anganene kuti safunsa anadya phula. N'zoona, koma munthu amafunsa chimene wachiona, ndipo ndime yokwiririka m'Chingerezi cha maloya saiona n'komwe. Enanso amati Chichewa chilibe mawu a zamalamulo. Nanga bwanji makampani a foni amatsatsa malonda awo m'Chichewa chomveka bwino akamafuna ndalama zathu? Bungwe la Centre for Language Studies lakhala likugwira ntchito ku Zomba kuyambira 1996, ndipo linatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000. Omasulira alipo. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsanso aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chimene wasankha.

Sindikuti bwana uja anali woipa mtima, chifukwa nayenso eni chinyumba ankamufunsa ndalama mwezi ndi mwezi. Komatu chipinda chotseka sichilipira lendi, ndipo cha mayi aja chinali chikadali chokhoma pamene ndinkabwerera kusukulu. Akadamvetsa pachiyambi, akadakambirana kapena kusankha chipinda chocheperapo.

Pomaliza, ndikupempha anzanga ophunzira ziyankhulo kuti tisamangoyang'ana kuuphunzitsi. M'maofesi a lendi mukufunika omasulira, kuti munthu azisaina chimene wachimva.