InterCity 125: ulemu upite kwa mabuleki, osati injini yokha

Sabata yatha ndinafunsa ophunzira anga a Fomu 3 ngati sitima ya pamtunda yoyendera dizilo imasintha magiya ngati minibasi. Ambiri anati eya. Ayi ndithu! Sitima zikuluzikulu zambiri za dizilo zilibe kilatchi kapena magiya oti dalaivala azisintha. Injini ya dizilo imazunguza jenereta, jenereta imapanga magetsi, ndipo magetsiwo amapita ku mamota amene ali pafupi ndi mawilo. Amene amakankha sitima ndi mamota aja. Chifukwa chake n'chosavuta: sitima yolemera matani mazanamazana ikamanyamuka pamene yaima, kilatchi ingapse nthawi yomweyo, pomwe mota ya magetsi imakoka mwamphamvu ngakhale isanayambe kuzungulira. Sitima zonyamula malasha kuchokera ku Moatize kudutsa kuno kwathu kupita ku Nacala zimayendanso chimodzimodzi.

Koma lero nkhani yanga ili pa sitima ya ku Britain yotchedwa InterCity 125. Inayamba kunyamula anthu mu October 1976, kuchokera ku London Paddington kupita ku Bristol ndi kummwera kwa Wales. Dzina lake likuchokera pa liwiro lake, mamailosi 125 pa ola, omwe ndi makilomita 201. Ili ndi mutu kutsogolo ndi mutu wina kumbuyo, mabogi a anthu ali pakati. Mutu uliwonse unali ndi injini ya Paxman Valenta ya mphamvu za 2,250 horsepower. Mitu 197 inapangidwa ku Crewe. Mu 1987 sitimayi inathamanga makilomita 238 pa ola, liwiro lomwe limadziwika kuti ndi lalikulu kwambiri pa sitima za dizilo.

Anthu akamaitama amatchula injini ndi liwiro basi. Ine ndimati akuphonya. Kuthamangitsa sitima si vuto lalikulu, kuimitsa ndiye nkhani.

Tengani cholembera. Mphamvu ya chinthu choyenda, kinetic energy ija, ndi ½mv². Liwiro limadzichulukitsa lokha, mwaona? Njanji za ku Britain zinali ndi masiginolo oikidwa motalikirana mokwanira sitima yothamanga mamailosi 100 pa ola. Kuchoka pa 100 kufika pa 125 liwiro lachuluka ka 1.25 kokha. Koma 1.25 × 1.25 ndi 1.5625. Ndiye kuti mabuleki akuyenera kuchotsa mphamvu yochuluka ndi 56 peresenti, ndipo sitima iime pa mtunda womwewo, apo ayi idutsa siginolo yofiira. Kusuntha masiginolo onse kukanadya ndalama zankhaninkhani. Mainjiniya a British Rail anaika mabuleki a disiki m'malo modalira zitsulo zokhula pa wilo, ndipo mphamvu yonse ija imasanduka kutentha m'madisikimo. Sitima inakwanitsa kuima pa mtunda wakale uja. Apa ndi pamene ine ndimavula chipewa.

Za mitu iwiri nazonso si zokongoletsa. Mutu umodzi wolemera kwambiri ukamathamanga umapweteka njanji. Kugawa mphamvu pa mitu iwiri yopepukirapo kunachepetsa kulemera pa wilo lililonse. Komanso sitima ikafika kumapeto kwa ulendo, dalaivala amangotsika n'kukakwera mbali inayo, osavutika kutembenuza chilichonse.

Chosekesa n'chakuti sitimayi anaipanga ngati yongogwirizira, podikira ina yapamwamba yotchedwa Advanced Passenger Train, yomwe inkapendekeka pokhota kuti isachepetse liwiro. Yapamwamba ija inayamba kunyamula anthu mu December 1981, inavuta, ndipo patangopita zaka zochepa anaisiya. Yogwirizira ija ndiyo inakhala pa njira ya Paddington mpaka 2019, zaka zoposa 40. Ku Australia anatengerako kapangidwe kake n'kupanga XPT.

Wina anganene kuti, aphunzitsi, mukutama bwanji sitima yotulutsa utsi pomwe dziko likulira ndi kusintha kwa nyengo? Akunena zoona, sindikana. Sitima yotenga magetsi pa mawaya a pamwamba sinyamula injini kapena thanki ya mafuta, ndipo situlutsa utsi pamene ikuyenda. Ma Valenta aja ankafuka komanso kulira kwambiri, n'chifukwa chake m'zaka za m'ma 2000 mitu yambiri anaiika injini zatsopano za MTU. Koma kumanga mawaya pa njanji yonse kumafuna ndalama ndi zaka zambiri, ndipo anthu a mu 1976 ankafuna kufika ku Bristol msanga pa njanji imene inalipo kale. Pa funso limeneli, ine ndimaona kuti anayankha bwino.

Ntchito ya kunyumba nayi: sitima yomweyi ikamathamanga makilomita 238 pa ola, kinetic energy yake imachuluka kangati poyerekeza ndi pa makilomita 201? Kulemera kwa sitima sindikupatsani, ndipo simukufunika kukudziwa. Amene waona chifukwa chake andiuze Lolemba.