KOMPYUTA YA PAKHOMO IGULIDWE MWANZERU

Masiku ano kompyuta yalowa m'gulu la katundu amene banja la munthu wapantchito limalakalaka kukhala naye pakhomo, monga momwe wailesi ndi njinga zidaliri m'zaka zapitazo. Ana asukulu akufuna polembera ntchito zawo, mayi akufuna powerengetsera ndalama za geni, bambo akufuna pomalizira malipoti a ku ofesi, ndipo madzulo banja lonse likufuna kuonera kanema kapena kumvera nyimbo. Zonsezi nzabwino ndithu. Koma chodetsa nkhawa nchakuti anzathu ambiri akutaya malipiro a miyezi ingapo pogula makina amene sakuwadziwa. Ena akugula amphamvu kuposa ntchito yawo, pamene ena akunyamula okalamba amene masiku awo adatha kale.

Tikumbukire kuti makompyuta amene tikuwaona m'sitolo za ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu ndi ochokera kunja, ndipo adalipiridwa ndi ndalama zakunja. Mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo idatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Motero munthu akagula molakwa sapweteka thumba lake lokha. Amatayitsanso dziko ndalama zimene zikadagulira mankhwala ndi feteleza.

Funso loyamba, tsono, munthu asanafunse mtengo, likhale ili: kodi makinawa adzagwira ntchito yanji? Kulemba makalata, kuwerengetsa ndalama, kufufuza nkhani pa intaneti, kusunga zithunzi za banja ndi kuonera makanema ndi ntchito zopepuka kwa kompyuta ya masiku ano. Sizifuna makina odula aja okhala ndi nyale zamitundumitundu, amene adapangidwira masewera akuluakulu ndi akatswiri okonza mafilimu. Purosesa, imene ndiyo ubongo wa kompyuta, kawirikawiri imabwera ili kale ndi gawo loonetsera zithunzi, ndipo gawo limenelo limakwanira pa makanema a pakhomo. Kugulira banja makina a masewera kuli ngati kugula lole kuti izinyamula thumba limodzi la chimanga kupita kuchigayo.

Ine ndikuona kuti kwa munthu wa ndalama zochepa, njira yanzeru ndiyo kompyuta ya patebulo ya mu ofesi imene idagwirapo ntchito zaka zowerengeka. Makampani akuluakulu a kunja amasintha makina awo kawirikawiri, ndipo akalewo amagulitsidwa akadali olimba. Mitundu yodziwika ndi Dell OptiPlex, HP ProDesk ndi EliteDesk, komanso Lenovo ThinkCentre. Makina amenewa adapangidwa kuti azigwira ntchito tsiku lonse, amatseguka mosavuta, ndipo amisiri ambiri amawadziwa bwino.

Koma apa mpamene pali msampha, ndipo akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Wamalonda adzakuuzani monyadira kuti makina ake ndi "i7", podziwa kuti ambiri timaganiza kuti 7 amaposa 5 ndi 3 nthawi zonse. Zoona zake nzakuti chofunika kwambiri ndi mbadwo wa purosesayo, ndipo mbadwowo umaoneka pa nambala yotsatira kamzere. Core i7-3770 ndi ya mbadwo wachitatu, ya m'chaka cha 2012. Core i5-8500 ndi ya mbadwo wachisanu ndi chitatu, ya m'chaka cha 2018. Woyamba uja ndi nkhalamba yovala suti yokongola.

Nkhani ya mbadwoyi yakula chifukwa pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale. Pulogalamu imene yasiya kulandira zigamba zachitetezo ili ngati nyumba yopanda loko, ndipo nkoopsa kuchitirapo za kubanki kapena kusungirapo makalata ofunika. Windows 11, imene idalowa m'malo mwake, imafuna purosesa ya Intel ya mbadwo wachisanu ndi chitatu kupita mtsogolo, kapena ya AMD Ryzen ya m'gulu la 2000 kupita mtsogolo, pamodzi ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Alipo amalonda amene amalowetsa Windows 11 mokakamiza m'makina akale kuti aoneke atsopano, koma Microsoft siilonjeza kuti makina otere azilandira zigamba zonse. Choncho kuona Windows 11 pa sikirini sikokwanira. Onani nambala ya purosesa.

Amene ali kale ndi makina akale asataye mtima kapena kuwaponya kudzala. Pali mapulogalamu aulere monga Linux Mint ndi Ubuntu amene amayenda bwino pa makina otere, ndipo LibreOffice, yomwenso ndi yaulere, imalemba makalata ndi kuwerengetsa ndalama. Imeneyi ndi njira yachilungamo kusiyana ndi mapulogalamu akuba, amene nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi.

Pambuyo pa purosesa, yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba ndi RAM, imene ili ngati kukula kwa tebulo logwirirapo ntchito. Windows 11 imatha kuyamba ndi 4GB, koma mwana akangotsegula masamba angapo a intaneti makinawo amayamba kukwawa. Musatsike pa 8GB, ndipo funsani ngati muli malo owonjezera mtsogolo. Chachiwiri ndi mosungira zinthu. Hard disk yakale ili ndi mbale yozungulira mkati, nchifukwa chake imachedwa. SSD ilibe chozungulira chilichonse ndipo imadzutsa kompyuta m'kanthawi kochepa. SSD ya 256GB ndi yabwino kuposa hard disk ya 1TB pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Wofuna kusunga makanema ndi zithunzi zambiri angathe kuwonjezera hard disk pambuyo pake, ndipo zithunzi za ukwati ndi za ana zisungidwe pawiri, pakuti palibe chipangizo chimene sichifa.

Pa za kanema, banja limene lili ndi TV yamakono silikakamizidwa kugula sikirini tsiku lomwelo, popeza kompyuta imalumikizika ku TV ndi chingwe cha HDMI. Koma dziwani kuti makina ambiri a mu ofesi ali ndi polumikizira potchedwa DisplayPort m'malo mwa HDMI, kotero pamafunika chingwe chosinthira. Ambirinso alibe Wi-Fi, ndipo pamafunika kachipangizo kolowetsa pa USB kapena kulumikiza foni. Musanyengedwenso ndi mawu akuti 4K. Kampani ya Netflix imanena kuti kanema wa HD angathe kudya 3GB pa ola limodzi, ndipo wa 4K mpaka 7GB. Ndani mwa ife angagulire banja bandulo yotere madzulo alionse? Sikirini ya 1080p ndi yokwanira.

Nkhani ina imene ogula ambiri amaiwala ndi ya magetsi. Kompyuta ya patebulo ilibe batire. Magetsi akazima nayo imazima pomwepo, ntchito imene inali isanasungidwe imatayika, ndipo kuzimazima kotere kumaononga zipangizo. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ndipo tonse tikukumbukira momwe namondwe Ana adaonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130 kufikira 2023. Nyengo ya dzinja nayo imabwera ndi mphezi. Motero powerengera ndalama muikepo UPS, kabokosi ka batire kamene kamapatsa munthu mphindi zochepa zosungira ntchito ndi kuzimitsa makina bwinobwino. Kuli bwino kugula kompyuta yocheperako pamodzi ndi UPS kusiyana ndi yaikulu yopanda chitetezo. Amene amadalira sola aganizire timakina ting'onoting'ono ta mitundu yomweyi, totchedwa Micro, Mini kapena Tiny, timene tambiri timagwiritsa ntchito adaputa ya mawati 65 okha.

Ena adzati, bwanji osangogula laputopu, popeza ili ndi batire? Kwa munthu woyendayenda pantchito, mfundoyo ndi yomveka. Koma laputopu ikasweka sikirini kapena kuthiridwa tiyi, kukonza kwake nkodula, pamene ya patebulo mumangosintha kiyibodi kapena sikirini yokhayo. Komanso kompyuta yokhala pabalaza imapatsa makolo mwayi woona zimene ana akuonera, zomwe nzovuta ndi makina olowa nawo kuchipinda. Enanso adzati chatsopano nchatsopano basi. Ngati thumba likulola, kompyuta yatsopano ya Core i3 kapena Ryzen 3 ya zaka zaposachedwa ndi yabwino ndithu, ndipo imabwera ndi chitsimikizo chotalikirapo. Choipa ndicho kutenga ngongole ya katapira chifukwa chofuna kuoneka.

Tsiku logula, kumbukirani kuti safunsa adadya phula. Tengani mnzanu wodziwa za makinawa. Uzani wamalonda ayatse kompyutayo inu mukuona, atsegule Settings, kenaka System ndi About, pamene pamalembedwa dzina la purosesa ndi kukula kwa RAM. Zolembedwa pa kapepala komata kunja zisakukhutiritseni. Yesani malo onse olumikizira, mverani ngati fani ikuchita phokoso, ndipo musachoke opanda lisiti yokhala ndi nambala ya makinawo ndi lonjezo lolembedwa lakuti adzakonza kapena kusintha akavuta. Makina a mtengo wotsika modabwitsa, opanda lisiti, kapena ofufutidwa zizindikiro, asiyeni pomwepo. Angathe kukhala obedwa m'sukulu kapena mu ofesi ya boma, ndipo wogwira ntchito m'boma wopezeka ndi katundu wotere amataya ntchito ndi ulemu womwe.

Anzanga, ife amene tidapita kusukulu ndi amene achibale amatifunsa nzeru akafuna kugula zinthu zotere. Tiyeni tiwalangize moona: ayambe adziwa ntchito yawo, awerenge nambala ya purosesa, afune 8GB ndi SSD, ndipo asaiwale za magetsi. Ndalama zotsalazo zikalipire fizi ya ana amene adzakhale pa kompyutayo.