Anasiya Banki Natsata Mbalame

Mwezi uno tifuna kukumbukira munthu wina wa ku Mangalande, dzina lake Walter Rothschild, amene anabadwa mu 1868 namwalira mu 1937. Iye anabadwira m'banja la eni banki yotchuka ya mu London, ndipo atate ake anayembekeza kuti mwanayo adzaloŵa m'malo mwao pa ntchito yosunga ndalama. Koma m'mera mpoyamba: ali ndi zaka 7 zokha, mnyamatayo anauza makolo ake kuti adzamanga nyumba yoonetseramo nyama ndi mbalame.

Anamvera atate ake, nagwira ntchito m'banki kuyambira mu 1889, ngakhale mtima wake sunali pamenepo. Anali munthu wamanyazi ndi wachibwibwi, wosakondwera ndi maŵerengero a ndalama. Mu 1908 analoledwa kupuma pa ntchitoyo, ndipo masiku ake otsala anaŵapereka ku nyumba yake ija, imene anaitsegula mu 1892 m'tauni ya Tring. Anatuma anthu ku maiko akutali kukamfunira zamoyo zachilendo, kufikira anasonkhanitsa zikopa za mbalame pafupifupi 300,000, mazira 200,000 ndi agulugufe oposa 2,000,000. Anaŵetanso mbidzi, naziphunzitsa kukoka ngolo m'miseu ya mu London.

Ntchitoyi inathandiza akatswiri kuzindikira mitundu yambiri ya mbalame imene inali isanalembedwe m'mabuku. Komabe tisaiŵale kuti chikopa chilichonse chinali cha mbalame yophedwa. Mwini wake anadziŵa bwino kuti mtundu wa mbalame ukhoza kutheratu, pakuti mu 1907 anasindikiza buku lotchedwa Extinct Birds, lofotokoza mbalame zimene zinasoŵa kale pa dziko lapansi. Analipiranso ndalama zobwerekera chilumba cha Aldabra, m'nyanja ya Indian Ocean, kuti afulu akuluakulu a kumeneko aleke kuphedwa.

Chisoni chinamfikira atakalamba. Mai wina amene anali naye pa chibwenzi chamseri anakhala akumuopseza zaka zambiri kuti adzaulula nkhaniyo ngati sampatsa ndalama. Motero mu 1932 anagulitsa pafupifupi zikopa zonse za mbalame zija ku nyumba ina yotere ya ku New York pa mtengo wa madola 225,000. Ntchito ya zaka makumi anai inapakidwa m'mabokosi niwoloka nyanja, ndipo iye anatsala ndi zoŵerengeka, monga za nthiŵatiŵa ndi zinzake zosauluka. Pomwalira anasiyira mtundu wake nyumba ya ku Tring, imene ikali yotsegula kufikira lero.

Tsono tiyeni tione mng'ono wake, Charles, amene anakhalabe m'banki yomweyo. Iyenso anakonda zachilengedwe, makamaka tizilombo, koma anaona kuti chamoyo chimatha pamene mudzi wake wapasuka. Chifukwa chake mu 1910 anagula dambo la Woodwalton Fen kuti lisaumitsidwe ndi kulimidwa. Mu 1912 anayambitsa bungwe losamala malo otere, ndipo pofika 1915 anali atalemba malo 284 oyenera kutetezedwa. Bungwelo ndilo likutchedwa The Wildlife Trusts masiku ano, ndipo m'dambo lija mbalame zikuikirabe mazira chaka ndi chaka.

Abale aŵiriŵa anakonda chinthu chimodzi, koma mphotho zao zinasiyana. Za mkuluyo zinali za m'kabati, zotheka kugulitsidwa tsiku la mavuto. Za mng'onoyo zinali madzi, bango ndi mitengo, momwe zisa zimamangidwa.

Inu anyamata oyenda ndi legeni ndi ulimbo, sitikana kuti mumazidziŵa mbalame koposa akulu ambiri. Mumadziŵa kulira kwa iliyonse ndi mtengo umene imagona. Nzeru imeneyo ndi chuma. Koma mukapha make wofungatira mazira, kapena kutentha tchire m'chilimwe, mudzamva kulira kwa yani chaka chamaŵa? Ndipo inu makolo, mwana akamachedwa panjira poyang'ana chisa, musafulumire kumutcha waulesi. Mfunseni dzina la mbalameyo, mumuuze la ina imene iye saidziŵa, ndipo pokalambula munda musiyeko mtengo umene yamangamo.