Bondo Lapola, Nanga Dziwe Lili Kuti?

Omvera athu ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara, pologalamu yotsatira isanayambe, ndilankhuleko za triathlon, mpikisano uja wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga motsatizana osapuma. Pa mpikisano waufupi munthu amasambira mamita 750, kupalasa makilomita 20, n'kutsiriza ndi liwiro la makilomita 5. Mpikisano waukulu wa triathlon kuno ku Zimbabwe umachitikira ku Troutbeck, m'madzi ozizira a kumapiri a Nyanga.

Masewera atatuwa amathandizanso wovulala bondo. Akangotaya ndodo, achipatala kawirikawiri amamuyambitsira m'madzi, chifukwa madzi amanyamula thupi, bondo n'kumapinda ndi kuwongoka osadinda pansi. Kenako njinga. Kuthamanga kumabwera komalizira, pang'onopang'ono, bondo likasiya kutupa madzulo.

Apa m'pamene pandiwawa mtima. Njinga tili nazo, zomwe zija timapitira kuntchito ku Southerton ndi Workington. Msewu wothamangamo m'bandakucha, makombi asanayambe kuliza hutala, ulipo. Koma posambira? Dziwe lalikulu la ku Chitungwiza, lomwe linamangidwira masewera a All-Africa Games a 1995, lakhala zaka zambirimbiri lisakugwira ntchito. Mnyamata wa ku Mufakose amene wangopola akwere makombi awiri kuti akafike ku dziwe la ku Mount Pleasant, kuwononga ndalama yomwe kunyumba ikadagula ufa.

Kwathu kuno ndi kwa Kirsty Coventry, mwini mendulo 7 za Olimpiki, zonse anazipatira m'madzi. Makhansala athu, chonde, tikonzereni maiwe a m'madera mwathu ndipo muikemo anthu ophunzitsa ana kusambira.