TIDZIWE ZA MAKONO: Dothi Licinjiriza Citsulo m'Ndeke

Amai onse adziwa kuti mphika wadothi ucedwa kutentha koposa poto wacitsulo. Sabata ino tiona m'mene akatswiri agwiritsira nchito khalidwe limeneli la dothi m'ndeke zazikulu zimene timazimva zilikulira m'mitambo.

M'kati mwa injini ya jeti muyaka mafuta onga palafini. Mpweya wocokera m'motowo uomba timapiko tacitsulo, ndipo timapikoto tizunguza injini. M'mainjini akulu a masiku ano kutentha kwa mpweyawu kupitirira madigiri 1,500. Kumbukirani kuti madzi awira pa 100, ndipo mkuwa wathu wa ku Migodi usungunuka pa 1,085. Citsulo ca timapikoto, cosanganiza ndi nikelo, ciyamba kusungunuka pa madigiri ngati 1,300. Nanga cilekeranji kusungunuka?

Timapikoto n'tamphako, ndipo m'kati mwake mupita mpweya wozizirirapo. Kunja kwake atimata ndi mtundu wa dothi loyera lochedwa zirconia, losanganiza ndi yttria pang'ono, magawo 7 kapena 8 pa 100. Si dothi la ku dambo ai, koma ufa woyengedwa kucokera ku mcenga wina, umene ausungunula ndi kuupopera pacitsulo. Akatswiri a NASA ku Cleveland, m'dziko la America, anaonetsa m'ma 1970 kuti cimato cotere cipirira m'injini yeniyeni.

Cimatoco n'copyapyala ngati cigoba ca dzira, cosafika theka la milimita, komabe citsulo ca pansi pake cicepa kutentha ndi madigiri 100 kapena kuposerapo. Apa tisasokonezeke. Dothi siliziziritsa kanthu, lingocedwetsa moto. Mphika ukakhalitsa pa mafuwa, nawonso sugwirika. Cimato cipindula pokhapo mpweya wa m'kati uja ulikucotsa kutentha kumene kwadutsa.

Bvuto lalikulu n'lakuti citsulo cikatentha cifutukuka koposa dothi, cikazizira cibwerera. Ndeke inyamuka ndi kutera kambirimbiri, motero cimato cikokedwa ulendo uliwonse kufikira cing'aluka ndi kusupuka. Pofuna kucedwetsa zimenezi, akatswiri ayamba ayala kacitsulo kena pakati, ndipo pa timapiko tozungulira aumba dothilo m'timizati toimirira pafupipafupi ngati bango, kuti lizitha kutambasuka osasweka. Kwa ine nzeru yeniyeni ili pamenepa, pakuti kupeza dothi losalola moto sikunabvute kwambiri monga kulikhalitsa pacitsulo.

Mdani wina ndi pfumbi. Mcenga wa m'cipululu ndi phulusa la mapiri ophulika zisungunuka m'injini, zilowa m'timipata tija ndi kuuma ngati galasi, ndipo cimato cisweka. Phulusa lingazimitse ngakhale injini yonse: mu 1982 ndeke ya British Airways inalowa m'phulusa la phiri la Galunggung ku Indonesia, mainjini onse anai nazima kwa kanthawi, koma inatera bwino ku Jakarta.